Mpando Wanga pa Minibasi ya ku Luchenza

Nsalu ndinaiwala. Ndivomeretu. Anandituma kutatsala masabata awiri, ine n'kupita ku Karonga. Nditabwerako ndinapitanso ku Mchinji. Chimene ndinakachita kumeneko musandifunse. Ndimangoyenda. Bambo anga anali dalaivala wa malole ku Makata, mwina ndi magazi.

Lachisanu m'mawa foni inalira ndili kwathu ku Nkolokosa. Anali azakhali anga a Afisa, atelala a ku Luchenza. Ndiwo ankasoka yunifomu ya ukwati wa mchemwali wanga Aminatu. Ukwatiwo unali Lamulungu.

"Iwe Hamdani, nsalu ili kuti?"

"Ili m'njira, azakhali."

"Njira yake iti?"

Ndinayamba kufunafuna nsapato.

"Tamvera bwino. Akuchikazi nonse ndamaliza. Atsala akuchimuna, amayi sikisi, ndipo apongozi ake a Aminatu ali momwemo. Ine sizasi ndinasiya, dzanja limanjenjemera. Amandidulira ndi a Abdala. Amaweruka folo koloko, ndipo mawa sabwera. Nsalu ikafika folo itakwana, amayi amenewo adzalowa m'holo atavala zawozawo, ife tonse tikuwala mu yunifomu. Udzawafotokozere ndiwe."

Apongozi a mchemwali wanga ndinawaonapo kamodzi. Samwetulira.

Ndinavala nsapato ndikuthamanga. Kachidutswa ka nsaluyo kanali m'thumba la jekete chiperekereni. Yobiriwira, ya timaambulera tachikasu. Naini koloko ndinali ku Limbe.

Sitolo yoyamba: "Inatha."

Yachiwiri: "Bwerani Lolemba, katundu ali pa boda."

Yachitatu bambo wina ananditulutsira yabuluu ya nsomba.

"Ndi yomweyo, bwana."

"Iyi ndi yabuluu."

"Mtundu wokhawo."

"Ndi nsombazi?"

"Mukaima patali siziwoneka."

Ndinatuluka. Ndinalowa m'masitolo asanu ndi awiri. Ndinaponda matope, ndinagundidwa ndi wilibala ya anyezi, mlonda wina anandisecha potuluka m'sitolo imene sindinagulemo kanthu. Nthawi inkathamanga. Lachisanu ku Limbe masitolo ambiri amatseka thwelofu koloko, eni ake apite kumzikiti. Satsegulanso mpaka thu.

Kutatsala mphindi makumi awiri kuti thwelofu ikwane, ndinalowa mwa a Farhana. Sitolo yaitali, yamdima, nsalu kufika kudenga. A Farhana anabadwira pamwamba pa sitolo yomweyo. Chichewa chawo chimaposa changa. Anangoyang'ana kachidutswa kaja kamodzi.

"Maambulera. Yaukwati eti? Yatsala pisi imodzi, mayadi thwelofu."

"Ndikufuna awiri, asisi."

"Imodzi, achimwene."

Ndinakweza maso. Pafupi ndi denga panali patakolekedwa ina. Yobiriwira. Timaambulera tikundiyang'ana.

"Nanga iyo?"

"Iyo ndi yachionetsero. Sitigulitsa."

"Chifukwa?"

"Anthu adziwa bwanji kuti nsaluyi tili nayo?"

"Koma ndikagula yapansiyi, ndiye kuti mulibe."

Anandiyang'ana. Anayang'ana kudenga. Kenako anaseka mpaka kugwira kauntala.

"Zaka zonsezi palibe anandiuzapo zimenezo. Tengani makwerero muitsitse nokha, anthu anga ayamba kale kusamba m'manja."

Ndinakwera. Fumbi m'mphuno. Ndinaitsitsa, tinaikung'untha, inali bwinobwino.

Kugula mwa a Farhana si kungopereka ndalama. Amakulembera kapepala. Kapepalako upite nako pawindo, ulipire. Akupatse risiti. Risitiyo ikadindidwe pa tebulo lina. Ukatero ubwerere pamene unayambira, akupatse katundu. Pakhomo mlonda aone chidindo. Ine ndinafika pa tebulo la chidindo, mpando uli wokha. Mwini wake anali atapita kale. Chitseko chachitsulo chinali chitatsika mpaka m'chiuno.

"Popanda chidindo simutuluka," anatero mlonda, mwaulemu ndithu.

A Farhana anabwera, anatsegula madirowa atatu, anachipeza m'kapu ya tiyi. Phaa! Phaa! Anadinda kawiri, akuti kachiwiriko ndi ka mafuno abwino. Anakulunga nsalu m'pepala lakhaki, n'kumanga ndi chingwe. Ndinatuluka chowerama.

Kumzikiti sindinapite. Ndinadziuza kuti ndine wapaulendo.

Depoti ya Limbe ndimaidziwa ngati kuchipinda kwanga. Ndimadziwa minibasi imene chitseko chake chimagwa. Ndimadziwa dalaivala amene amaima pa siteji iliyonse kupatsa moni azilamu ake. Ndipo ndimadziwa odzazitsa.

Kwa amene simuyendayenda, nkhani yake ndi iyi. Minibasi siinyamuka isanadzaze. Munthu sakwera minibasi yopanda anthu. Ndiye oitanira amakhazikamo anthu awo, aziwoneka ngati apaulendo. Iwe ukasuzumira umati yatsala pang'ono. Ukakwera, mmodzi wa iwo amatsika mwakachetechete. Kale kuwazindikira kunali kosavuta, analibe katundu. Apaulendo atachenjera, iwonso anachenjera. Masiku ano amanyamula zikwama.

Ya ku Luchenza inali patsogolo pa mzere. Kondakitala wake anali Alidi, mnzanga wa maulendo ambiri.

"Bigi! Lero kuti? Ku Nsanje?"

"Ku Luchenza, ndipo ndikafike folo isanakwane."

"Mukafika hafu thu. Onani, yadzaza kale."

Ndinaona. Munali anthu asanu ndi atatu. Enieni anali atatu: bambo wina ndi mkazi wake atafungata batire ya galimoto, ndi aphunzitsi ena ogona. Asanu enawo ndinkawadziwa. Mayi wa jumbo yomanga pakamwa, imene mkati mwake muli mapepala okhaokha. Mkulu wa jekete ndi chikwama cha ku ofesi. Awiri akumbuyo. Ndi katswiri wawo, madala ena oonda a envelopu yaikulu ya kuchipatala, ija amaikamo chithunzi cha m'chifuwa. Envelopu imeneyo ndinayamba kuiona chaka chatha. Amaigwira ndi manja awiri. Amatsokomola pang'ono munthu akasuzumira.

"Madala, chifuwa chikuti bwanji?" ndinafunsa.

"Chikuyesera," anatero osandiyang'ana.

Alidi anandilanda phukusi, analikankhira pansi pa mpando wakumbuyo. Ndinakhala pafupi ndi chitseko, manja ali zii.

Kukhala sindimatha. Mphindi zisanu, miyendo inayamba kuyabwa. Ndinatsika kukagula mayunitsi. Ndinakwera. Ndinatsika kukapatsa moni oitanira a ya ku Zomba. Ndinakwera, ndinasintha mpando. Wani koloko inakwana titangowonjezekera munthu mmodzi, nayenso anatsika atapeza kuti akufuna ya ku Mwanza. Oitanira athu ankaitana mwaulesi, ngati akuwerenga uthenga wa maliro. Mtima unandikwera. Ndinatulutsa mutu pawindo, ndinamenya denga.

"Thyolo, Luchenza! Thyolo, Luchenza! Awiri atsala, ikunyamuka!"

Mawu ndili nawo. Anthu anatembenuka mpaka kutsidya kwa msewu.

Pamenepo ndi pamene anatulukira amayi asanu ndi mmodzi, atasenza mabeseni apulasitiki, ndowa, ndi mitolo ya mapoto. Amalonda, ochokera kukapikula. Patsogolo panali mayi wamfupi, wamagalasi omangirira chingwe, ambulera m'khwapa. Anzake ankamutchula kuti a Cecilia. Iwo akaima, onse ankaima.

Anaima pakhomo la minibasi. Sanakwere. Anayang'ana munthu mmodzimmodzi, pang'onopang'ono, ngati akusankha tomato. Madala aja anatsokomola. A Cecilia anagwedeza mutu mwachifundo. Mayi wa jumbo anaikumbatira. Mkulu wa jekete anayang'ana wotchi n'kuusa moyo. Onse anakhoza mayeso.

Maso anafika pa ine.

"Uyu ndiye ayi."

"Ine, mayi?"

"Iwe. Ndimakuona pano sabata iliyonse. Lero uli mu ya ku Luchenza. Lachiwiri lapitalo unali mu ya ku Mchinji."

"Ndinkapita ku Mchinji."

"Mwezi watha mu ya ku Mangochi."

"Ndinkapita ku Mangochi."

"Imvani, anzanga! Munthu mmodzi, Malawi yense. Ndiwe nduna?"

Amayi aja anaseka. Ngakhale mwini batire anaseka.

"Katundu wako ali kuti?"

"Pansi pa mpando."

"Onse amatero. Nanga wapaulendo amaitanira? Takumva tili ku msika. Awiri atsala! Awiri atsala! Ife tilipo sikisi, tikhala pamutu pako?"

Alidi anayesa. "Amayi, awa ndi kasitomala wathu weniweni."

"Ndiye ukanati chiyani, poti ndi wantchito wako? Tamvera, kondakitala. Ife tinakhalapo maola atatu mu minibasi yodzaza ndi anthu ngati awa. Sitibwerezanso. Atsike uyu, tikwere ndi anthu enieniwa. Apo ayi, tikakwera ya kuseri."

Anthu enieniwo anayang'ana kutsogolo. Madala anatsokomolanso, mwina pofuna kubisa chiseko.

Alidi anandikokera pambali. Ankanong'ona.

"Bigi, tsikani kaye. Akakwera amayiwa, iwoneka yodzaza, anthu athamangira. Mphindi teni tanyamuka. Mpando wanu ndikusungirani."

"Ndichite kutsika ine, wolipira?"

"Mukufuna ulemu kapena folo koloko?"

Ndinatsika.

A Cecilia anandilambalala ngati chithaphwi. "Ukafune ntchito yeniyeni, mwana iwe. Thupi lonseli."

Alidi sananame. Amayi aja atakwera, minibasi inaoneka yothina. Ndipo nthawi yomweyo anthu anayamba kutuluka m'mizikiti. Depoti inasefukira. Aliyense ankathamangira imene ikuoneka kuti ikunyamuka. Odzazitsa anagwira ntchito yawo mwaluso, ndinachita kusilira. Mkulu wa jekete anaika foni kukhutu n'kutsika akuti "Halo? Halo?" Mayi wa jumbo anati waiwala chenji kwa wogulitsa nthochi. Awiri akumbuyo anangosungunuka. Madala anati akagule madzi omwera mankhwala, a Cecilia mpaka anawagwira mkono potsika.

Ine ndinaima patali pang'ono kuti ndisaononge zinthu. Alidi anali kumbuyo, akulimbana ndi mabeseni, chingwe m'kamwa. Injini inalira. Ndinayandikira.

Pa mpando wanga panali mayi woyembekezera. Wotopa ndithu, mwezi wake womwewo. Oitanira anamulowetsa pamene Alidi anali kumbuyo. Anali atavula kale nsapato.

Ndinayang'ana Alidi. Alidi anayang'ana kumwamba.

"Ndipanikizeni penapake," ndinatero.

"Bigi, apolisi apamsewu ali pa Bvumbwe chiyambire m'mawa. Munthu mmodzi wowonjezera, galimoto igona konko."

Ndinaponda pachitseko. Ambulera inanditchinga pachifuwa.

"Wabweranso? Ntchito yako yatha, yadzaza. Kalandire zako uko."

"Mayi, katundu wanga ali m'kati."

"Dalaivala, tiyeni!"

Minibasi inayamba kuyenda. Ndinayenda nayo, dzanja pachitseko. Nsalu inkapita ku Luchenza yokha, pansi pa mpando, popanda woidziwa. Ndinaona nkhope ya apongozi aja. Ndinakuwa kuposa poyamba paja.

"Phukusi lakhaki! Chingwe choyera! Nsalu yobiriwira, timaambulera tachikasu, mapisi awiri! Yunifomu ya ukwati wa mchemwali wanga!"

Mawu akuti ukwati anagwira mabuleki. Amayi onse anatembenuka. Dalaivala anaima.

"Tatulutsa tione," anatero a Cecilia.

Phukusi linayenda pamitu ya anthu kuchokera kumbuyo. A Cecilia anang'amba pakona ndi chikhadabo. Timaambulera tinasuzumira. Anaipotokola pakati pa zala, anainunkhiza. Ndinawapatsa risiti. Anakweza magalasi.

"Ya lero. Zidindo ziwiri." Anandiyang'ana. "Ndiye ndiwe weniweni?"

"Kuyambira kale."

"Nanga odwala aja? Tisawasiye, apita kukagula madzi."

Ndinaloza ndi chala. Minibasi yotsatira inali itasendera kale pamalo pathu. Pawindo lake panali madala aja, envelopu m'manja awiri. Pambali pawo mayi wa jumbo. Munthu wina anasuzumira, madala anatsokomola.

A Cecilia anasuzumira pawindo. Anzawo anagwa nacho chiseko, wina mpaka anagwetsa ndowa.

"Ndinawagwira mkono," anatero chapansipansi. "Ndinawauza kuti Mulungu awachiritse."

Dalaivala analiza hutala. Nthawi inali kota tu thu. Mpando panalibe. Mayi woyembekezera uja anayamba kufunafuna nsapato zake ndi phazi, akundiyang'ana mwamanyazi.

"Khalani, mayi, khalani," ndinatero.

Ndinayang'ana minibasi yotsatira. Munali odzazitsa okhaokha. Anthu a kumzikiti anali atatha. Imeneyo isanakwane hafu fili siikananyamuka. Ku Luchenza ndi ola ndi theka.

"Ikufunika nthawi yanji?" anafunsa a Cecilia.

"Folo isanakwane."

"Kwa ndani?"

"Kwa azakhali anga, atelala, kuseri kwa msika."

"Imba foni."

Ndinaimba. Anandilanda isanayankhidwe n'komwe.

"Halo? Ndinu azakhali ake a munthu wosakhazikikayu? Ine Cecilia, ndimagulitsa mabeseni Lachitatu ndi Loweruka... Eya, nsalu ndaiona, ndi yabwino, siisuluka imeneyi... Masabata awiri?" Anandiyang'ana pamwamba pa magalasi. "Ku Karonga? Kukatani?... Sakudziwa?... Ayi, alipo m'banja lililonse, wathu ali ku Joni... Khonde labuluu, pafupi ndi chigayo. Ndamva. Ndikwera kabaza."

Minibasi yonse inkamvetsera. Aphunzitsi aja anali atadzuka.

Anandibwezera foni. Phukusi sanabweze. Analiika pamiyendo, manja awiri pamwamba.

"Nsalu ipita ndi ine. Iwe utsala."

Ndinazengereza. Munthuyu ndinamudziwa theka la ola lapitalo, ndipo nthawi yonseyo ankandinyoza. Dzina lake lachiwiri sindinkalidziwa. Nsalu yonga imeneyo m'Limbe monse munalibenso, yomaliza ndinaitsitsa ndekha kudenga.

"Mayi, nambala yanu?"

"Tsopano ndiwe ukundikayikira ine?"

"Ayi, kungoti..."

"Lemba." Anatchula. "Undiflashe kamodzi. Kamodzi! Ukamaimbaimba ndizimitsa."

Alidi anakoka chitseko. Chinakana. Anachimenya ndi bondo, chinatseka. Minibasi inatuluka m'depoti, mabeseni akugwedera kumbuyo.

Ndinatsala. Ine, Hamdani, amene sindinasiyidwepo ndi galimoto chibadwire.

Ndinakhala pa benchi ya wogulitsa chipisi. Ndinagula mbale imodzi kuti asandithamangitse. Hafu thu ndinawerengera kuti adutsa Bvumbwe. Fili koloko, ali pa Thyolo. Kupatula ngati tayala laphulika. Kupatula ngati dalaivala ali ndi azilamu m'njira. Ndinaimirira. Ndinakhala. Ndinagula mbale yachiwiri.

Madala a envelopu anabwera kudzapuma. Anakhala pambali panga, anatenga chipisi changa chimodzi osapempha.

"Vuto lanu, achimwene, mumayendayenda," anatero. "Wapaulendo weniweni satero. Amakhala phee. Nkhope yotopa. Maso patsogolo. Akafunsidwa amayankha mwaukali pang'ono."

"Koma ine ndine wapaulendo weniweni."

"Ndiye simukuoneka."

"Mu envelopumo muli chiyani?"

Anatsegula. Munali kalendala ya chaka chatha, yopinda pawiri.

Hafu fili ndinaimbira a Cecilia. Foni yozimitsa. Ndinaimbira azakhali. Sanayankhe. Ndinaimbanso. Sanayankhe. Ndinayamba kukonza mawu okauza apongozi. Ndinapeza oyamba okha: "Mayi." Otsatira sanabwere.

Kutatsala mphindi khumi ndi zisanu kuti folo ikwane, foni inalira. Azakhali.

"Iwe, ukuimbiranji ngati kwagwa maliro? Tili ndi alendo."

"Yafika?"

"Amayiwa akumwa tiyi. Kabaza anawagwetsa pa chigayo, koma phukusi sanalisiye. Akuti Lamulungu abwera, akufuna adzaone ngati udzathe kukhala pa mpando mpaka mwambo kutha."

"Azakhali, nsalu. A Abdala alipo?"

"Anali atavala kale chipewa. Tawavula."

"Ndiye adula?"

"Takhala chete umve."

Ndinatseka khutu linalo ndi chala. Kumbuyo kwa phokoso la depoti, kutali, ndinamva sizasi ikuyenda pa tebulo lamatabwa. Khwee. Khwee. Khwee. Kenako mawu a bambo wachikulire akufunsa muyezo wa apongozi.

"Ayambira yawo," anatero azakhali. "Tsopano dula foni, ukutichedwetsa."